PA KHONDE LA TCHALITCHI: Utiko akadali pazenera

Takumananso pa khonde pathu. Mphasa ndi yomweyo, khalani pansi ticheze.

Sabata ino ndalandira kalata yochokera kwa mayi wina wa ku Domwe. Dzina sinditchula poti adandipempha kutero. Mayiwa akuti mwana wawo wamwamuna adali mtsogoleri wa kwaya kumudzi, ku tchalitchi sankajomba, ndipo tsiku limene ankanyamuka kupita ku sukulu ya ukachenjede ku Tete, mpingo udamupempherera ndi kumuperekeza mpaka pokwerera chapa. Papita zaka ziwiri. Atabwera ku tchuthi cha Khirisimasi, Lamulungu m'mawa mnyamatayo adangokhala pa chitsa kuseri kwa nyumba, maso ali pa foni. Atamufunsa, adayankha mwaulemu ndithu kuti, "Amayi, pitani, mukandipempherereko." Tsono mayiwa akufunsa kuti, "Kodi sukuluzi zikutiphunzitsira ana kapena zikutibera? Tidagulitsa mbatata ndi ng'ombe kuti akaphunzire, osati kuti akataye Mulungu."

Mayi, funso lanuli silanu nokha. Ndalimvapo kwa abambo a pa msika, kwa akatekisita, ngakhale kwa abusa amene ana awo omwe adapita ku Beira ndi ku Maputo nabwerako atazizira. Koma lero chala changa sindiloza sukulu, ndiponso sindiloza mwana. Ndiloza ife amene mipingo idatipatsa udindo woyang'anira achinyamata, ndipo ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo.

Mnyamata wa pazenera

Amene muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 20, kuyambira ndime 7 mpaka 12. Nkhani yake ndi yaifupi. Paulo adali ku Trowa, ndipo m'mawa mwake amayenera kunyamuka. Akhristu adasonkhana m'chipinda chapamwamba momwe mudali nyale zambiri. Poti nthawi idali yochepa ndipo zonena zidali zambiri, Paulo adalankhula mpaka pakati pa usiku. Mnyamata wina dzina lake Utiko adakhala pazenera. Tulo tidamugwira, adagwa kuchokera pa nyumba yachitatu yosanja, ndipo adamutola atafa.

Ndili mwana ankatiphunzitsa nkhaniyi potiopseza kuti tisamagone m'tchalitchi. Ndakula tsopano, ndipo ndikamaiwerenga ndimaona zina. Choyamba, mnyamatayu adabwera ku mapemphero. Sadapite kumowa, sadatsale kunyumba. Chachiwiri, adakhala pazenera, malo amene si m'kati komanso si kunja. Chachitatu, m'chipinda mudali nyale zambiri, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adaona kuti mwana akusinza. Onse maso adali kwa mlaliki. Adadzidzimuka pomva kugwa.

Chimene chimandigwira mtima ndi chimene Paulo adachita. Sadanene kuti mwanayo adazifuna yekha. Sadatume dikoni kuti akaone. Adasiya ulaliki pakati, natsika makwerero onse, nakamukumbatira pansi pomwe adagwerapo. Atatero adakweranso, nanyema buledi, nadya nawo, ndipo adacheza mpaka mbandakucha. Mnyamatayo adapita naye kwawo ali moyo.

Kutsogolera ophunzira a m'makoleji ndi achinyamata amene angoyamba kudziimira paokha ndi ntchito yotsika makwerero. Ambiri a ife timadziwa kukwera pa gome. Kutsika ndiye kumativuta.

Zenera lake ndi lotani?

Tiyeni tiyambe tavomereza kuti zinthu zidasintha. Pamene dziko lathu linkalandira ufulu mu 1975, yunivesite idali imodzi yokha, ya ku Lourenço Marques, imene mu 1976 idapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane. Mwana wa ku Angonia wofika kumeneko adali wosowa ngati mvula ya mu Ogasiti. Kenaka idabwera nkhondo, ambiri a ife tidathawira ku Malawi, ndipo sukulu zambiri za m'midzi zidasanduka mabwinja. Lero m'chigawo chathu chomwechino muli Instituto Superior Politécnico de Tete imene idakhazikitsidwa mu 2005, muli nthambi za UniZambeze, ya zaumoyo ku Tete ndi ya zaulimi ku Ulongwe, muli Universidade Púnguè imene idayamba mu 2019, muli nthambi ya Universidade Católica, komanso Hefsiba ku Ulongwe. Onjezanipo sukulu zophunzitsa aphunzitsi ndi anamwino. Kalembera wa 2017 adaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu a m'dziko muno adali ana osakwana zaka 15. Ana amenewo ndiwo akudzaza makalasi amenewa tsopano.

Sukulu zidachuluka, koma kaganizidwe ka mipingo yathu kadatsalira m'mbuyo. Tili ndi Sande sukulu ya ana. Tili ndi kalasi ya ofuna ubatizo kapena ulimbitso. Tili ndi bungwe la amayi, bungwe la abambo. Nanga munthu wa zaka 19 mpaka 28, wosakwatira, wokhala m'chipinda cha lendi kutali ndi kwawo, ali m'bungwe liti? Kwa ana ndi wamkulu, kwa akulu ndi mwana. Ameneyo ndiye Utiko, ndipo limenelo ndiye zenera.

Taganizani ulendo wa mwana wa mayi athu a ku Domwe. Wakwera chapa ku Ulongwe m'mawa kukuzizira, atavala juzi. Wadutsa pa Mussacama, wadutsa Moatize, waoloka Zambezi, makilomita opitirira 200, ndipo akutsika mumzinda momwe ngakhale usiku thukuta silileka. Kwawo aliyense amadziwa kuti ndi mwana wa uje, mdzukulu wa uje. Kuno palibe womudziwa. Lamulungu loyamba wavala malaya ake oyera nalowa m'tchalitchi. Mapemphero akuchitika m'Chipwitikizi ndi m'Chinyungwe, nyimbo zake ndi zina, ndipo potuluka aliyense akupatsana moni ndi amene amadziwana naye kale. Iye waima pafupi ndi mtengo, wadikira, kenaka wabwerera kuchipinda kwake. Lamulungu lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu wachapa zovala. Paja amati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Koma kodi tonse amene tidamudutsa pa mtengo paja tilibe mlandu?

Ndiye pali nkhani ya m'mimba. Chaka cha sukulu chimayamba nthawi imene kumudzi nkhokwe zili pululu, chimanga chikadali m'munda. Propina ikufunika, lendi ikufunika, mapepala a maphunziro akufuna ndalama, foni ikufuna ndalama. Thumba la ufa limene adanyamula limatha mwezi usanathe poti akudya ndi anzake atatu. Mnyamata amayamba kuyesa mwayi pa juga ya pafoni kuti mwina apezepo ya ndiwo. Mtsikana amapeza bambo wa galimoto womulipirira chipinda, ndipo tonse tikudziwa malipiro ake, tikudziwanso matenda amene amatsatira. Ana amenewa sadadzuke tsiku limodzi n'kunena kuti Mulungu kulibe. Amasinza pang'onopang'ono, ife maso ali ku gome.

Kulakwa kwanga

Ndisamangonena za ena. Zaka zapitazo mpingo wina wa m'tauni udandisankha kuti ndiziyang'anira gulu la ophunzira. Ndidakondwa kwambiri. Ndidagula kope latsopano, ndidakonza mitu ya maphunziro ya chaka chonse, ndipo Loweruka lililonse masana ndinkaima kutsogolo ndi kuphunzitsa kwa ola limodzi ndi theka. Ndinkatuluka thukuta ndithu. Poyamba chipinda chinkadzaza. Pofika mwezi wa Juni mabenchi akumbuyo adayamba kuoneka. Ine ndidati ana a masiku ano sakonda mawu a Mulungu, ndipo Loweruka lotsatira ndidaphunzitsa za kuuma mtima, kwa ola limodzi ndi theka.

M'gulumo mudali mtsikana wina wa kumapiri kwathu kuno, wofatsa, wa mawu okoma poimba. Ankakhala pa benchi ya kumapeto, pafupi ndi khomo. Adajomba kamodzi, kawiri, kenaka adasowa. Ine ndidalemba mtanda pa dzina lake m'kaundula, basi. Patapita miyezi inayi ndidakumana ndi mnzake pa msika, ndipo ndipamene ndidamva kuti mwini nyumba adamutulutsa chifukwa cha lendi ya miyezi iwiri, adagona masiku angapo kwa anzake, kenaka adatengedwa ndi bambo wina wa banja lake. Sukulu adasiya ali ndi pathupi.

Ndidafunsa mnzakeyo kuti, "Bwanji sadandiuze?" Yankho lake sindidzaliiwala. Adati, "Abambo, akadakuuzani nthawi yanji? Inu mumafika n'kuyamba kuphunzitsa, mukamaliza n'kupemphera, n'kumapita."

Ndalama imene idamugwetsa mwanayo idali yochepa kuposa imene gulu lathu lidasonkha pogula nsalu ya yunifolomu ya kwaya. Ndinkadziwa mitu yonse ya m'kope langa, koma sindinkadziwa kumene ngakhale mmodzi wa ana aja ankagona. Kuyambira tsiku limenelo ndidaphunzira zinthu zinayi, ndipo ndizo ndikufuna kusiyira anzanga amene mwasenza katundu ameneyu.

Choyamba: kalata

Makolo athu mu mpingo adali ndi mwambo wabwino. Mkhristu akamasamuka ankatenga kalata ya mpingo kupita nayo kumene akukakhala, kuti akamulandire ngati mbale. Mwambowu ulipobe, koma timaukumbukira posamuka banja lathunthu. Mwana wa sukulu timati akubwera pa tchuthi, dzina lake likhale konkuno. Zotsatira zake n'zakuti kumudzi amamuwerenga koma samuona, m'tauni amamuona koma samuwerenga.

Abusa, abambo mfumu, akulu a mpingo ndi atsogoleri a mphakati a kumidzi, mwana akamaliza kalasi 12 napeza malo ku koleji, musamangomupempherera. Lembani kalata. Masiku ano ntchito yake yapepuka: imbani foni kwa mnzanu wa mumpingo wa kumene akupitako, mutchule dzina la mwanayo, sukulu yake, ndi bairro imene akukakhala. Ndipo inu a m'tauni, musadikire kuti mwanayo akupezeni. Sabata ziwiri zoyambirira ndizo zofunika kuposa miyezi yonse yotsatira. M'mera m'poyamba. Amene adzayambe kumupatsa moni, kumuonetsa kotunga madzi, kogula makala otsika mtengo ndi kokwerera chapa, ameneyo ndiye adzakhale mbale wake zaka zinayi. Ngati si ife, adzakhala wina.

Chachiwiri: mphika

Paulo atamudzutsa mnyamata uja, adanyema buledi. Ine ndidachedwa kuzindikira kuti mphika wa nsima ndi chipangizo cha utumiki monga momwe liliri buku la nyimbo. Mabanja a mumpingo wa m'tauni agawane ophunzira, banja lililonse awiri kapena atatu, kuti Lamulungu akatuluka m'tchalitchi akadye kunyumba. Sizilira nkhuku. Nsima ya nyemba ndi masamba yakwana. Pa mphasa yodyera ndi pamene mwana amamasuka. Mayi wa nyumba amaona kuti mtsikana uyu wayamba kuonda, kapena wabwera ndi foni yodula imene makolo ake olima mbatata sangaigule. Zimenezi pa gome sungazione. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Gulu likhalenso ndi kathumba ka ngozi. Aliyense aponyemo kangachepe, mpingo uwonjezere kuchokera pa chopereka cha masika. Ndalamazo aziwerenga anthu awiri, zizilembedwa m'buku, ndipo buku liziwerengedwa pamaso pa onse. Koma dzina la wothandizidwa lisamalengezedwe. Wachinyamata amalola kugona ndi njala kusiyana ndi kuimikidwa kutsogolo kuti mpingo umuone umphawi wake.

Pano ndichenjezenso anzanga aamuna. Mtsikana akabwera ndi vuto, musakambe naye awiriwiri m'chipinda chotseka, ndipo musamupatse ndalama ya m'thumba mwanu mwamseri. Itanani mayi wokhwima maganizo wa mumpingo akhale pomwepo. Tamva nkhani zokwanira za abusa a nkhosa amene adasanduka afisi, ndipo bala limene mtsogoleri wa mpingo amasiya pa mwana silipola msanga.

Chachitatu: mafunso

Mwana amene tidamutumiza kuti akaphunzire adzabwera ndi mafunso. Ndicho tidalipirira. Wophunzira za miyala ya pansi pa nthaka wamva m'kalasi kuti malasha a ku Moatize adapangika zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, ndipo akufuna kudziwa kuti zimenezi zikugwirizana bwanji ndi mutu woyamba wa Genesis. Wophunzira za udokotala waona kachilombo ka malungo ndi maso ake pa makina oonera tizilombo, ndipo akudabwa chifukwa chake mkulu wa mpingo kumudzi akuti mwana wa mlongo wake adalodzedwa. Wophunzira zowerengera ndalama akufunsa chifukwa chake mpingo sunena poyera momwe chopereka chayendera.

Ife kawirikawiri timayankha ndi tsinya. Timati wayamba kunyada, sukulu yamulowa m'mutu. Mwanayo amatseka pakamwa, koma funso silifa. Amapita nalo kwa ena, ndipo amatsimikiza mumtima kuti chikhulupiriro ndi chinthu choopa kuunika. Chonsecho ndife tomwe tidamuphunzitsa kuti safunsa adadya phula.

Kumbukirani kuti Yesu ali ndi zaka 12 adapezeka m'kachisi atakhala pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kuwafunsa mafunso. Kumbukiraninso kuti Tomasi atakayika sadachotsedwe m'gulu la ophunzira. Adaitanidwa kuti ayandikire, aone yekha. Mtsogoleri wa ophunzira sayenera kudziwa zonse. Ayenera kukhala ndi mtima wotha kunena kuti, "Limeneli landikulira, tiyeni tikalifufuze pamodzi." Mumpingo muli anamwino, aphunzitsi, alangizi a zaulimi, akatswiri a zamigodi amene adadutsa m'makalasi omwewo ndipo akupempherabe. Aitaneni adzakhale pansi ndi ana, asadzalalike, adzangofotokoza momwe iwo adayendera. Ndipo pa ola limodzi la msonkhano, inu mulankhule mphindi 15 zokha. Zotsalazo n'zawo.

Ena amadandaula kuti ana athu akuthawira ku mipingo yatsopano ya zoimbira zamagetsi. Tisathamangire kunyoza. Tidzifunse chimene akukapezako. Kawirikawiri si ng'oma ayi. N'chakuti pakhomo pali munthu amene adawafunsa dzina, ndipo Lachiwiri adawaimbira foni. Komabe tiwachenjeze mwachikondi za aliyense, wa mpingo uliwonse, amene amagulitsa mafuta odzoza cholembera kuti munthu akhoze mayeso osawerenga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ifenso tisawachimwitse: kuika mapemphero a usiku wonse m'sabata ya mayeso, kenaka n'kumati amene sadabwere ndi wofooka mu uzimu, ndi kusaganiza. Kuwerenga ndi ntchito imene Mulungu wamupatsa mwanayo pa nyengo ino. Mtsogoleri wanzeru amakhala ndi kalendala ya sukulu m'thumba.

Chachinayi: udindo

Ichi ndicho chovuta kwa ife achikulire. Timakonda kunena kuti achinyamata ndi mpingo wa mawa. Mawu okoma, koma tanthauzo lake lobisika ndi lakuti lero akhale chete. Ntchito imene timawapatsa ndi kusesa, kunyamula mabenchi ndi kuimba. Munthu amene Lolemba akuphunzira kuyeza magazi a odwala kapena kuwerengera kulemera kwa mlatho, Lamulungu sitimukhulupirira ngakhale ndi kiyi wa kabati.

Mbiri ya dziko lathu lomwe ikutitsutsa. Kummwera, m'zaka za m'ma 1930, Mishoni ya Aswisi idayambitsa timagulu ta achinyamata totchedwa mintlawa. Mmishonale André-Daniel Clerc ndi anzake adatengera chitsanzo pa anyamata oweta ng'ombe, amene kubusa amakhala ndi mtsogoleri wawo ndi malamulo awo popanda wamkulu wowaimirira. Kagulu kalikonse kadali ka anthu ochepa, kankadzisankhira atsogoleri, kankakambirana, kupemphera, kusewera ndi kugwira ntchito m'chilankhulo chawo. Mmodzi wa anyamata amene adakulira m'timagulu timeneti adali Eduardo Mondlane, yemwe mu 1949 adathandiza kuyambitsa bungwe la ophunzira a kusekondale la NESAM, ndipo mu 1962 adakhala mtsogoleri woyamba wa Frelimo. Kuyankhula pagulu, kumva maganizo a ena ndi kusenza udindo adaziyambira kutchalitchi.

Chitsanzo chachiwiri chimatikhudza tonse amene tidabwerera kwathu kuchokera kothawa nkhondo. Mu 1968, mumzinda wa Roma, mnyamata wa kusekondale dzina lake Andrea Riccardi adasonkhanitsa anzake ochepa kuti aziwerenga Uthenga Wabwino ndi kupita m'zisakasa za kunja kwa mzinda kukaphunzitsa ana a anthu osauka. Kagulu kameneko ndiko kadakula n'kukhala Sant'Egidio. Kuyambira mu 1990, nthumwi za boma ndi za Renamo zinkakumana kunyumba yawo, ndipo pakati pa ankhoswe padali Riccardi yemweyo, wansembe Matteo Zuppi, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Pa 4 Okutobala 1992, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere. Tsiku limene timapuma chaka chilichonse pokumbukira mtendere lili ndi muzu wake m'kagulu ka ana a sukulu. Akadapezeka mkulu wina mu 1968 wowauza kuti ndinu mpingo wa mawa, khalani pansi, kaya ife tikadabwerera liti.

Tsono apatseni ntchito yeniyeni. Ophunzira za uphunzitsi athandize ana a m'bairro amene akulephera kuwerenga. A zaumoyo apite ndi amayi a mpingo kukaona odwala. A zaulimi akabwera pa tchuthi aonetse makolo kasungidwe ka mbewu. A zowerengera athandize msungichuma kulemba mabuku. Mmodzi kapena awiri akhale nawo pa bwalo la akulu a mpingo, ndipo mawu awo azimveka. Adzalakwitsa, inde. Ifenso tidalakwitsa, kungoti padalibe wotijambula ndi foni.

Musaiwale kuti gulu la ophunzira lili ngati madzi a mumtsinje. Amene muli naye lero, pakatha zaka zinayi wapita ku Nampula kapena ku Chimoio kukagwira ntchito. Gulu limene laima pa munthu mmodzi waluso limagwa tsiku limene iye walandira dipuloma. Mlimi wa ku Tsangano sagulitsa mbatata yonse, amapatula ya mbewu. Mtsogoleri aliyense wa chaka chachitatu akhale ndi wa chaka choyamba amene akumuphunzitsa ntchito. Ndipo omaliza sukulu tisawataye. Chaka chimene munthu ali ndi dipuloma m'manja koma ntchito osaipeza, akuyenda ndi envelopu ofesi ndi ofesi, ndi zenera lina lalitali kuposa loyamba lija. Ambiri amasiya kubwera kutchalitchi chifukwa chotopa ndi funso lakuti, "Mwayamba kugwira kuti?"

Palinso mabungwe a ophunzira achikhristu osayang'ana mpingo, monga ABEMO kuno kwathu ndi SCOM ku Malawi, imene ena a ife tidaidziwa tili kothawa nkhondo. Amenewa si adani a mpingo. Amafika m'makalasi ndi m'zipinda zogona momwe mbusa sangafike. Tigwirane nawo manja. Mutu umodzi susenza denga.

Mawu kwa inu a pazenera

Ana anga, ndakhala ndikudzudzula akulu, koma musaombe m'manja msanga. Phukusi la moyo umasunga wekha. Utiko adagwa chifukwa anthu sadamuone, komanso chifukwa adasankha kukhala pamalo poterera. Ngati mwafika mumzinda ndipo palibe wakupatsani moni, yambani ndinu. Pitani kwa mkulu wa mpingo, nenani dzina lanu ndi kwanu. Funani anzanu awiri kapena atatu a mtima umodzi, muzikumana ngakhale pansi pa mtengo. Zikakuvutani, nenani lendi isanafike miyezi iwiri. Ndipo mukabwera kumudzi, musayese mayi wanu ndi Chipwitikizi chimene mwaphunzira. Pemphero lawo la m'Chichewa ndilo lidakufikitsani kumeneko.

Kwa mayi a ku Domwe

Mayi, ndabwerera kwa inu. Mwana wanu sadakutukwaneni, sadanyoze tchalitchi. Adati mukamupempherere. Munthu amene watayiratu Mulungu sapempha pemphero. Moyo ukadali mwa iye. Musamukalipire, musamuitanire akulu a mpingo kuti amuzenge mlandu pa khonde. Akadzabweranso, muphikireni chimene amakonda, mukhale naye pansi, mumufunse kuti amagona kuti, amadya chiyani, anzake ndi ayani, ndipo Lamulungu loyamba lija ku Tete lidayenda bwanji. Mungadabwe ndi zimene mudzamve. Kenaka pitani kwa abusa anu, muwapemphe alembe kalata ija imene idayenera kulembedwa zaka ziwiri zapitazo.

Ndipo ife atsogoleri, Lamulungu likudzali tisanayambe kulankhula, tiyang'ane ku benchi ya kumapeto, pafupi ndi khomo. Tione amene wakhala pamenepo. Tidziwe dzina lake. Ndipo ngati pa benchipo palibe munthu, pamene mwezi watha padali wina, tisalembe mtanda m'kaundula monga ndidachitira ine. Titseke kope, titsike makwerero.

Makalata anu apitirire kubwera kudzera kwa mkonzi wa tsamba lino. Ophunzira, ndikufuna kumva mbali yanu, ngakhale yowawa. Tionana sabata yamawa pa khonde pomwe pano, Mulungu akalola. Tsalani bwino.